Tsiku Lomwe Ndinamwetsa Gemu Tiyi

Mpaka lero ndikafika pafupi ndi sitolo ina ya zamagetsi kuno ku Croydon, ndimawoloka msewu n'kukayenda mbali inayo. Muli mtsikana wina mmenemo amene amandidziwa bwino kuposa abusa athu, chonsecho tinangokumana kamodzi kokha.

Nkhani yake ndi ya gemu ya mwana wanga Tadala, makina aja olumikiza ku TV ana n'kumatobwanya timabatani. Tinamugulira atakhoza bwino kusukulu, ndipo anaikonda moti ankaipukuta fumbi yekha, mwana woti mbale yake yomwe satsuka. Tsiku logula, wogulitsa anandinyengerera kuti nditenge waranti yaitali yolipira mwezi ndi mwezi, kuti gemuyo ikadzawonongeka adzandipatse yatsopano. Mkazi wanga, yemwe ndi namwino ndipo sakhulupirira munthu womwetulira kwambiri, anandikoka malaya.

"Bambo a Tadala, zisiyeni izo. Mungovutika nazo."

"Mayi, zinthu za mawaya n'zosadalirika. Mudzandithokoza."

Ndinasaina monyadira. Kuchokera pamenepo ndinayamba kudikira tsiku londithokozalo.

Silinabwere. Gemu ija inali yolimba ngati njinga ya kabaza. Zaka zinadutsa isanadwalepo ngakhale chimfine, mpaka tsiku lina foni inalira ndi uthenga woti waranti yanga ikutha kumapeto a mwezi.

Apa ndiyenera kukufotokozerani mmene mutu wanga umayendera. Kuntchito kwathu, kunyumba yosamalira okalamba, Amalawi tilipo angapo ndipo timachita chipereganyu: aliyense amasonkha pakutha pa mwezi, mmodzi n'kutenga zonse, mwezi winawo wina. Ine ndinakulira m'lamulo limenelo, loti ukamasonkha tsiku lako lolandira limafika basi. Ndiye ndasonkha kusitoloko nthawi yonseyi osadumphitsa, lero akuti gulu likutha ine ndisanalandire? Zinandiwawa kwambiri. (Ndikudziwa kuti waranti si chipereganyu. Panopa ndikudziwa.)

Ndinakadandaula kwa mnzanga Yamikani, amene timagwira shifiti imodzi. Yamikani ndi munthu woti sanaperekepo malangizo abwino chibadwire, koma amawapereka ndi nkhope ya dokotala.

"Aise, akudyera masuku pamutu amenewo," anatero.

"Nanga nditani? Chinthucho chili bhobho."

"Chidwalitse. Iwe umakhala ndi nkhalamba tsiku lililonse, ungalephere kukalambitsa gemu? Akupatsa yanyuwani, mwana asangalala, madamu akupatsa ulemu."

Ndinadziuza kuti ndikuchitira mwana. Ndinkadziwa ndithu kuti zikavuta Tadala atsala wopanda gemu, ndipo wopha ndikhala ine bambo ake, koma mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndinkachita zimenezi masana, Tadala ali kusukulu, mayi ake ali kuchipatala. Poyamba ndinaiyatsa n'kuifunditsa chitenje cha mkazi wanga, pamwamba n'kuwonjezera bulangete, kuti itenthe ipse. Inangolira ngati ndege yonyamuka, nditavundukula inali ikundidikira bwinobwino. Mawa lake ndinaikhazika pa hita yotenthetsera m'nyumba. Osatheka. Kenako ndinaikankha ndi chigongono kuchokera pa tebulo, uku ndikuyang'ana kumbali kuti chikumbumtima chisaone, koma inagwera pa kapeti n'kungokandika pangodya. Madzulo amenewo Tadala anasewera monga mwa masiku onse, ine ndikumuyang'ana mokwiya ngati iye ndi gemuyo apangana.

Mwezi unali kutha. Ndinaimbira Yamikani, iye n'kunena mawu amodzi okha: zamadzimadzi.

Munthu wanzeru akadathira madzi, chifukwa madzi amauma osasiya mboni. Ine ndinathira chimene chinali m'manja mwanga, tiyi. Komanso si tiyi wa azungu uja wopanda kanthu ayi, koma wakwathu, wamkaka wambiri, shuga mpaka sipuni kuima. Ndinathira pang'onopang'ono m'timabowo topumira, gemu inatsokomola, kagetsi kake kanaphethira n'kuzima. Ndinaipukuta bwinobwino ndi nsalu, n'kuibwezera pamalo pake. Ndinamwanso tiyi wotsalayo.

Tadala atabwera anadina batani, zii. Anadinanso. Sanalire, anangokhala pansi n'kuigwira ndi manja awiri, ndipo ine ndinamva kanthu kakundilasa pamtima. Ndinafulumira kulankhula.

"Usadandaule mwana wanga, yangozima yokha. Loweruka ndikubweretsera yatsopano. Si paja adadi ako anatenga waranti?"

Mawu omalizawo ndinawakweza kuti afike kukhitchini. Mkazi wanga anasuzumira, anayang'ana gemu, anayang'ana ine, n'kubwerera ku mapoto ake.

Loweruka ndinakwera tramu, kasitima ka mumsewu, ndi Yamikani, yemwe anadzipereka kukhala mboni. Pa kauntala ya madandaulo tinapeza mtsikana wakuda wa mangongo, wa Chingerezi cha m'mphuno cha ana obadwira konkuno. Ndinangoti uyu ndi wa ku Nigeria kapena ku Jamaica, monga timaganizira tonse. Ndinafotokoza nkhani yanga mwaulemu, ndi nkhope ya anamfedwa.

Mtsikanayo anatembenuza gemu. Chala chake chinamata pansi pake. Anachinunkhiza, kenako ananyamula gemu yonse n'kuipendeketsa, ndipo kadontho kofiirira kanagwera pa kauntala pakati pathu.

Anandiuza mofatsa kuti waranti yanga imalipira gemu ikawonongeka yokha, osati ikalowa zamadzimadzi. Apa ndiye ndinakwiya zenizeni, moti ndinaiwala kuti wolakwa ndine. Ndinati ndalipira mokhulupirika, ndinati palibe amene anandiuza zimenezo, ndinati mwina ndi chinyontho cha nyumba za ku London zomwe iyenso akuzidziwa. Ndinagogoda kauntala n'kunena kuti ndikufuna manejala. Anthu a pamzere anayamba kutchera khutu.

Iye anati ndidikire, n'kuyamba kulemba pa kompyuta. Pamenepo ndinatembenukira kwa Yamikani. Mukudziwa mmene timachitira kunja kuno: tikafuna kunena miseche m'basi kapena m'sitolo timangolowa m'Chichewa, mokweza, chifukwa ndani angamve?

"Aise, nanga si unati sizioneka?"

"Ndinati madzi ine. Wathira chani iweyo?"

"Tiyi."

"Wa shuga?"

"Nanga tiyi amakhala wopanda shuga? Iwe ungonena kuti unalipo ikuzima yokha. Kamtsikana aka sikadziwa kanthu, tikangokakalipira kagonja."

"Ndiye ukuwe kwambiri, amaopa phokoso awa."

Mtsikana uja anasiya kulemba. Anachotsa magalasi, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi.

"Ba ankolo," anatero, "nimvela vonse vamene mukamba. Ndine wa ku Lusaka."

Thukuta linatuluka pamalo pomwe sindinkadziwa kuti pamatuluka thukuta. Nditacheuka kuti mboni yanga indithandize, ndinaiona ili kutali, ikutsegula ndi kutseka chitseko cha firiji mwachidwi chachikulu.

"Manje ba manejala nibaitane?" anafunsa mtsikanayo. "Koma bakanifunsa vamene namvela, sininganame."

"Ayi achemwali, asiyeni. Ndi otanganidwa."

"Ni ya mwana wanu iyi?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Sanandinyoze, ndipo bwenzi zili bwino akadandinyoza. Anangopukuta kadontho kaja, n'kuika gemu m'jumbo mosamala, n'kundipatsa ndi manja awiri monga mwana woleredwa bwino.

M'tramu ndinakhala ndekha, maliro a gemu ali pamiyendo, ndikukonza bodza lina loti kusitolo atikana chifukwa cha tsankho. Ndinataya nthawi yanga. Yamikani anali ataimbira kale mkazi wake akuseka, mkazi wakeyo n'kuimbira wanga, ndipo nkhani inafika kunyumba ine ndisanatsike. Ndinapeza mkazi wanga atakhala pa sofa manja ali pachifuwa.

"Bambo a Tadala, ndabwera kudzakuthokozani," anatero. "Paja munati ndidzakuthokozani."

Zimenezo ndikadapirira. Koma Tadala anali ataima pakhomo la chipinda chake, ndipo anali atamva zonse. Mwana ameneyu Chichewa amamva, koma chibadwire amandiyankha m'Chingerezi. Ndamuchonderera, ndamulonjeza maswiti, osatheka. Tsiku limenelo anandiyang'ana m'maso n'kulankhula Chichewa pang'onopang'ono, akusankha mawu ngati akuwoloka mtsinje pa miyala.

"Adadi, munali nyumba yanu mmenemo."

Sindinamvetse. Mayi ake ndi amene anandimasulira. Pa magemu ake panali ina yomanga nyumba, ndipo kwa miyezi yambiri Tadala ankamanga mobisa nyumba imene ndimaikamba tsiku lililonse patebulo, imene ndimati ndidzamanga kwathu ku Dedza, pomwe mpaka pano pali maziko okha ndi udzu. Anaimanga monga ndimainenera: khonde lalikulu, malata obiriwira, mtengo wa mapeyala kuseri. Ankadikira kuti adzandionetse pa tsiku langa lobadwa. Zonsezo zinkasungidwa m'makina momwemo.

Ndinakhala pansi, jumbo lili m'manja. Ndinachita manyazi kusitolo, koma apa ndinamva chisoni chenicheni, ndipo ndinapepesa mwana wanga popanda kuwonjezera chifukwa chilichonse.

Ndinagwira mashifiti owonjezera n'kumugulira ina yogwiritsidwapo kale ntchito. Anzanga akamandifunsa phunziro lomwe ndinatolapo ndimawauza kuti masiku ano ndisanayambe miseche m'sitolo ndimayamba ndapereka moni wa Chichewa kwa wogulitsa, ndione ngati ayankhe. Amaseka, inenso ndimaseka nawo. Koma Tadala wayambanso kumanga, ndipo ndikasuzumira ndimaona sukulu, chipatala cha mayi ake, ngakhale khola la akavalo. Nditamufunsa za yanga, anandiyankha osachotsa maso pa TV, m'Chichewa chomveka bwino.

"Yanu mumange nokha."