Kainjini, Kachasu ndi a Zuze

Lolemba

Dziko lidziwe, ndi a ku Goliyo omwe amve: kuyambira lero m'nyumba muno mukukhala mwini galimoto. Ine amene. Munthu wa Sitandade 5, kondakitala wopuma, woseketsa anamalira pa maliro onse a mu Ndirande. Wofuna kundiona azigogoda ndipo avule chipewa.

Galimotoyo kutalika kwake ndi kuchokera pa chigongono kufika ku zala. Yabwera pa basi ya ku Joni itakulungidwa m'bulangete. Watumiza ndi Filipo, mwana wanga, amene amagwira ntchito mu shopu ya zidole kumeneko. Koma si chidole cha mabatire ayi. Ili ndi injini yeniyeni, thanki, ekizozi, kapisitoni ngati nsonga ya chala. Umaiyendetsa uli patali ndi rimoti ya kachiwongolero. Imamwa mafuta akeake, akuti naitulo. Botolo ndi limodzi, ndipo mu Blantyre muno sindikudziwa kumene amagulitsa.

Amake Filipo: "Anzathu ana awo amatumiza malata."

Filipo pa foni: "Adadi, injini yatsopano sathamangitsa. Muyambe mwaizoloweza. Izilira ili pamodzimodzi, mafuta ambiri, utsi uzituluka. Botololo likwana mukapanda kupupuluma."

Nkhani yeniyeni ndi iyi. Lamulungu a Zuze akupita kwawo ku Nsanje. A Zuze ndi adiraiva anga. Zaka zonse za pa basi, iwo kutsogolo, ine pakhomo ndi matikiti. Chaka chatha sitiroko inawagwira mbali ya kumanja, mawu n'kupita nayo. Mwana wawo Mariya watopa kuwanyamula yekha, akukawasiya kwa achemwali awo. Mmene alilimu, akapita sabweranso, tonse tikudziwa koma palibe akunena. Sindikufuna achoke m'tauni muno asanagwirenso chiwongolero. Loweruka ayendetsa. Ndanena ine.

Lachiwiri

Zofunika, malinga ndi Filipo:
njerwa ziwiri, kuti matayala asagunde pansi
kandodo ka batire kotenthetsera pulagi
sikuludiraiva yaing'ono
mtima wodekha (ndilibe, ndikabwereka)

Kukoka chingwe, ngati cha jenereta. Zii. Kukokanso. Zii. Chala chatuluka thuza. Kenaka chingwe chalimba, sichikukokekanso. Filipo: "Mwaimwetsa kwambiri. Chotsani pulagi, muizondotse, mukoke." Ndachita. Yandilavulira mafuta m'diso, kuwawa kwake ngati tsabola wa kambuzi.

Masana yalira! Mawu ake si a galimoto, ndi a udzudzu umene wakula kufika pa mbuzi. Nkhuku za aneba zili pa denga. Utsi wabuluu bwalo lonse. Mayi wa nyumba yakuseri wasuzumira pa mpanda: "Agogo, mwayamba bizinesi yowotcherera?"

Ndakhala pa mpando kuyang'ana galimoto yosayenda mpaka thanki kutha. Ikazima, akuti uzungulize kuti pisitoni ikhale pansi, uidikire izizire, uthire mafuta, uyambenso. Ntchito yonse ndi imeneyo. Kudikira. Filipo anatumiza chinthu cholakwika kwa munthu wolakwika, koma sindimuuza.

Lachitatu

Pa njerwa pomwepo. Kulira, kuzima, kuzizira.

Ndafunsa chifukwa chake. Filipo akuti pisitoni ndi kanyumba kake amazipanga zothinana dala. Zimayenera kudyana pang'onopang'ono mpaka zigwirizane. Ukazikakamiza zimakandana, ndipo chilonda chake sichipola.

Ndakhala mu utsimo kuganiza za ine ndi a Zuze. Chaka choyamba sitinkapatsana ndi moni. Iwo ankati ndine wamwano, ine ndinkati amayendetsa ngati anyamula mazira a eni. Atipatsa basi yatsopano, ankaiyendetsa mwezi wathunthu ngati ikupita kumanda. Okwera kudandaula, ine kuwauza kuti adiraiva anapanga pangano ndi nkhono. Iwo osatembenuka ndi khosi lomwe. Tinadyana chomwecho, kutsika zitunda za ku Chikwawa mabuleki akununkha, mpaka ine ndikamenya denga kamodzi ankadziwa ngati wotsika ndi nkhalamba kapena wa katundu. Sindikumbukira tsiku limene tinayamba kugwirizana. Mwina palibe tsiku lake.

Madzulo ndapita kukawaona. Ali pa khonde, bulangete m'miyendo kunja kukutentha. Ndawaikira rimoti pa maondo. Dzanja lamanzere lapapasa, lapeza kachiwongolero, lakazunguliza uku ndi uku. Sanandiyang'ane ine, maso ali pa rimoti.

Mariya pondiperekeza: "Amalume, musamawalonjeze zinthu. Amamva zonse, ndiye zikapanda kuchitika amakana kudya."

Ndalonjeza kale.

Botolo lafika pakati. Galimoto sinayendebe ndi phazi limodzi.

Lachinayi

Lero Filipo walola iponde pansi. "Koma pang'onopang'ono, muzingozungulira."

Bwalo la mpira kuseri kwa tchalitchi, m'mawa kulibe anthu. Ikuyenda ngati munthu wochokera ku phwando la ukwati, mimba patsogolo. Kutsokomola, kudontha mafuta ku ekizozi, kuzima. Kuyatsa. Kuzimanso. Ndikawapatse a Zuze chifuwa chimenechi?

Pa kabuleta, polowera mafuta mu injini, pali kasingano. Ukakamanga mafuta amachepa, injini imakwiya. Filipo anati: "Kameneko musakhudze mpaka botolo lithe, ndipo mukadzakhudza, pang'ono pokha." Loweruka silidikira botolo. Ndakazunguliza ngati ndikutseka mpopi.

Mayo ine, liwiro! Golo iyi, golo iyo, fumbi kumbuyo. Ndaseka ndekha ngati wamisala, bondo lowawa ndaliiwala. Zaka zonse zija ndili pakhomo la basi kuona wina akuyendetsa. Lero ndamva chimene a Zuze ankamva m'manja, ndipo sindikumvetsa kuti ankadziletsa bwanji.

Utsi unali utasiya kutuluka. Ndinaona, koma sindinafune kuona. Mawu akwera, akwera, kenaka zii, pakati pa bwalo. Ndalavulira pa mutu wa injini. Malovu auma asanafike n'komwe.

Itazizira yalira pang'ono, mwaulesi, n'kuzima. Chingwe tsopano chikukokeka mopepuka ngati mkatimo mulibe munthu. Mafuta otsala ndamalizira kuinyengerera. Filipo waimba, ndamuuza kuti netiweki ikuvuta.

Lachisanu

Botolo lauma.

Ndafunsa Filipo mochenjera, ngati funso la mayeso: kodi naitulo amapanga ndi chiyani? "Sipiriti, mafuta a nsatsi, ndi mankhwala ena." Nsatsi zimene zimamera zokha m'mbali mwa mtsinje wa Nasolo, pa zinyalala. Anthu a ku Joni akutigulitsa tchire lathu lomwe litalowa m'botolo.

Ndondomeko:
nsatsi: kutola, kukazinga, kusinja, kuwiritsa, kuyengula mafuta
sipiriti: kachasu wa mutu, waukali kwambiri, kwa mayi wina wa kuseri kwa msika
mankhwala ena: pemphero

Amake Filipo andigwira ndi mtondo m'manja. "Mu mtondo wanga ayi. Mukafuna kufa, ifani nokha." Ndasinjira pa mwala.

Potuluka kwa mayi wa kachasu, botolo m'jekete, maso ndi maso ndi mkulu wa mpingo. Ndamuuza zoona zokhazokha, kuti ndi wa galimoto. "Tonse tili ndi galimoto zathu, achikulire. Tidzakambirana." Tsiku limodzi lokha limene ndanena zoona mu Ndirande muno, palibe wondikhulupirira.

Kusakaniza, kusefa pa kansalu, kuthira. Kukoka mpaka phewa kuwawa. Yatsokomola kamodzi, yanunkha ngati shabini, basi. Ndachotsa pulagi kuyesa pa kandodo kaja. Kawaya kake sikakufiiranso.

Ndamuuza Filipo zonse. Iye: "Adadi, mwaipha isanakule. Ina nditumiza pa Khisimasi."

Pa Khisimasi a Zuze adzakhala ali kuti?

Ndakhala pa njerwa zija kuyang'ana manja anga akuda ndi nsatsi. Ndimafuna kupereka liwiro kwa munthu amene moyo wake wonse ankadana ndi liwiro. Ija yotsokomola ija, yoyenda ngati yakhuta, akanaikonda. Liwirolo ndimalifuna ndine.

Loweruka

Ndanyamula galimoto mu jumbo, ulendo kwa a Zuze. Katundu ali kale m'matumba, makatani achotsa. Tawatulutsa pa bwalo ndi mpando wawo, rimoti pa maondo.

Kukoka kamodzi kokha, yalira! Kachasu anangofuna kugonera. Utsi wabuluu, mawu osalala ngati kwaya. A Zuze azungulira bwalo, atuluka pa geti, alowa mumsewu, apitirira minibasi ya ku Chinseu, kondakitala wake mpaka kuvula kapu. Amayi ogulitsa tomato kululutira. Abwerera, aimika pa mapazi anga penipeni, osagunda ndi chala chomwe.

Ndatopa. Ndikagone.

Lamulungu

Anyamuka m'mawa pa kalole, iwo kutsogolo ndi adiraiva, mpando wawo womangidwa pamwamba pa matilesi. Ndamenya denga kamodzi kuti anyamuke. Rimoti akana kubweza, aipanira m'khwapa. Mariya amafuna kuwalanda, ndamuletsa. Ndiye Filipo asavutike ndi injini ya Khisimasi. Galimoto yopanda rimoti ikhale pa kabati, pafupi ndi makapu a alendo.

Dzulo zinayenda chonchi. Ndinakoka chingwe mpaka Mariya anati, "Amalume, basi." A Zuze anali atayamba kuyang'ana kumbali, kuyang'ana kuja kwa munthu amene sadya madzulo. Koma dzanja linali likuzungulizabe kachiwongolero, ndipo ndinaona matayala akutsogolo akutembenuka. Chiwongolero chimayendera mabatire, sichifuna injini.

Ndinazula nsungwi pa mpanda, ndinaikoleka kumbuyo kwa galimoto, n'kuyamba kukankha ngati galimoto ya mawaya. Kulira kwa injini ndinkachita ndi pakamwa, magiya ndi onse. Iwo akakhotetsa kumanja, ine kumanja. Kumanzere, ine kumanzere. Ndikafulumira ankasiya chiwongolero n'kundiyang'ana mpaka ndichepetse. Tinazungulira mtengo wa papaya, tinadutsa pakati pa matumba, osakhudza ndi limodzi lomwe. Dzanja limodzi, lamanzere, koma ndi lomwe lija.

Kenaka analunjika ku ngalande ya madzi a kubafa. Ndinati akhota. Galimoto anaikhotetsadi pa mphepete penipeni, ine ndi bondo langali sindinathe. Miyendo yonse m'matope a sopo, mpaka mu akakolo. Nditatembenuka, theka la pakamwa pawo linali likuseka, mapewa akugwedezeka. Anachita dala mdala uja. Madzulo ake Mariya akuti anadya mbale yonse.

Zoti injini inalira, za minibasi ndi za amayi a tomato, ndinapeka ndine, pepala linali likundiyang'ana ndipo ndinachita nalo manyazi. Zinazi ndi zoona. Nsapato zili pa denga, sizinaumebe.