Kamtengo ka Ndalama ka a Weramani

A Weramani, ometa aja a pakona pa msewu wathu, sankatha kuona chinthu chikukula osachimeta. Inu ana a mlongo wanga munali aang'ono, koma funsani aliyense. Mphaka wa aneba analowa m'nyumba yawo yometeramo kamodzi kokha, anatuluka ali ndi mzere pambali ngati kalaliki. Tsache lenilenilo linkabisala kuseri kwa chitseko. Dzinalo tinawapatsa chifukwa ndiwo unali moni wawo: usanakhazikike n'komwe pampando, "Weramani."

Pazenera pawo panali kamtengo ka ndalama, kaja ka masamba onenepa ngati makobili, kodzalidwa m'chitini cha penti. Anakasiya ndi malemu akazi awo. Loweruka lililonse ankakaveka nsalu, kukameta m'mbali, kenako kukaonetsa galasi kumbuyo. Ine ndinawamvapo akukafunsa ngati kakhutira.

Ukalamba utafika, manja anayamba kunjenjemera. Makasitomala tinkatuluka tikuwerenga makutu. Langa lakumanzereli si limene ndinabadwa nalo ayi. Ndinatola pansi mofulumira, ndipo ndikukayikira kuti ndi la amakanika, chifukwa limangomva za injini.

Mwana wawo wamkazi, namwino, anayamba kuwachonderera kuti atseke, akakhale kwa iye, azipuma. Iwo ankati munthu wopuma ndi amene ali kumanda. Atatopa ndi kukakamizidwa, analoza pazenera n'kulonjeza pamaso pa tonse kuti tsiku limene kamtengoko kadzachite maluwa, adzapachika sizasi.

Namwinoyo anathamangira kwa mayi wogulitsa maluwa. Mayiyo anamuuza kuti kamtengo kotero kamachitadi maluwa kakakhwima, koma pokhapokha ukakaleka: osakadula nsonga, osakathirira pafupipafupi nyengo yozizira, kamveko ludzu. Mwana anabwerera akusekerera, poganiza kuti nkhalamba wayigwira.

"Bambo, muleke kukameta."

"Iwe, m'nyumba yometera mukhale wina tsitsi lili nyankhalala? Makasitomala aziti chiyani?"

"Nanga kachita liti maluwa?"

"Kakadali kamwana aka. Usakafulumize."

Kamwanako kanabadwa namwinoyo asanamere mano.

Nkhondo inayambira pamenepo. Mwana akabisa sizasi, bambo ankatenga lezala. Akawalanda botolo la madzi, iwo ankagawana nako tiyi. Anayesa kukasamutsira pamwamba pa kabati, koma anapeza nkhalamba yakwera pampando, ikukameta. Maso aja osaona khutu la munthu wamkulu ankaona mphukira ikadali m'maganizo a kamtengo. Ife tinkati mwina sakudziwa chimene akuchita. Tsiku lina amakanika atawafunsa, a Weramani anangowatsinzinira diso n'kuwauza kuti aweramitse mutu.

Ndipo sanatsekedi. Masana ena anakhala pampando wa makasitomala kuti miyendo ipumeko, osadzukanso.

Chitseko chinakhala chokhoma nyengo yonse yozizira, poti namwino analibe mtima wolowamo. Atalimba mtima kuti akachotse katundu, anandipempha kuti ndimuperekeze. Tinapeza fumbi pagalasi, dothi la m'chitini litauma gwa, ndipo kamtengo kaja katayera mbuu ndi timaluwa tonga nyenyezi, nthambi iliyonse.

Namwinoyo anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anatsegula kabati n'kutulutsa sizasi.

"Bambo sanavomere kupuma," anatero, nayamba kudula timaluwato kamodzikamodzi.

Ndinamugwirira chitini.

Pakonapo pano akukonzerapo mafoni. Ometa ena alipo mbali inayi, anyamata a makina, amene amatha mutu wonse osakufunsa n'komwe kuti kunyumba kwacha bwanji. Madzulo timaimabe pakhonde paja, madoda angapo, tsitsi litakula, aliyense akunena kuti akameta mawa.