Chitini cha B

Lolemba
Limbani akubwera Lamulungu kuchokera ku Lusaka. Mwana wanga ndithu, koma chaka ndi chaka galimoto amakaigoneka kwa apongozi ake ku Sinda, ati galaja yanga ndi fumbi lokhalokha. Kumene yagona galimoto, mwini wakenso amagona komweko. Ine ndimangolandira moni wa masana. Ulendo uno ayi. Ndipaka penti pansi ponse m'galajamo.

Lachiwiri
Ku Katete, m'sitolo ya penti. Wogulitsa akuti penti wofiira wamba amakanuka ndi matayala, wolimba ndi wotchedwa epokisi. Zitini ziwiri: chachikulu cholembedwa A, chaching'ono B. "Mukasakanize, madala." Ndangomuyang'ana. Sukulu sindinapite nayo patali, koma zilembo ziwiri izi ndimazidziwa. Moyo wanga wonse ndalima thonje, loyera bwino, ogula n'kumandilembera B ali kumwamba kuyang'ana mitambo. B ndi wa zinyalala. Lero ndimuthire ndekha mu A wanga?

Lachitatu
Kutulutsa katundu: matumba a nshawa, makasu, njinga, nkhuku yofungatira imene yandijompha kawiri. Kusesa. Kukolopa. Msana. Amake Limbani ali pakhomo: "Mukanati ndingozira ndi dothi." Ndapitiriza kukolopa.

Lachinayi
Ndapaka A yekhayekha, wosasakaniza. Kuwala kwake! Ndikudziona nkhope pansi. B ndamusiya pa zenera, aone mmene anzake amagwirira ntchito.

Lachisanu
Sanaume. Mwina ndi mitambo, ngakhale kulibe mitambo. Zimene zamatirira pofika masana: nthenga, ziwala zitatu, makoko a nshawa, mapazi a nkhuku kupita ndi kubwera, patapata wanga wakumanzere. Ndinangolowa kuti ndiyese ndi chala. Ndatuluka ndi phazi lokha.

Loweruka
Akadali ngati ulimbo. Ndaimbira wogulitsa uja. Wayamba waseka, kenako wauza mnzake, nayenso waseka. "B uja ndiye woumitsa, madala. Popanda iye muyembekeza mpaka dzinja." Akuti ndipale zonse, ndiyambirenso. Ndi msana uti? Ndatsitsa B pa zenera, ndamuthira pamwamba, mpaka pamene mkono ukufika. Pauma malo amodzi okha, gwa ngati mwala: pozungulira patapata.

Lamulungu
Limbani wafika titaweruka kutchalitchi. Waima pakhomo pa galaja nthawi yaitali, manja m'thumba. "Mwayesetsa, atate. Musavutike, ndikaisiya ku Sinda." Wadya, wapita dzuwa likadalipo. Kwa apongozi akewo pansi ndi simenti wamba, wosapaka chilichonse, ndafunsa.

M'galaja mwanga mugona patapata, ndipo sadzachokamonso. Ndayesa kumukanula ndi chikwanje, chapindika ndi chikwanje. M'sabata yonseyi amene wagwira ntchito yolimba ndi B yekha. Izi sindiuza munthu.

Amake Limbani akuti mawa akakumba dothi. Ndawaonetsa pamene ndinaika khasu.