Deki Yanga ya Mankhwala Okhaokha

Nkhani iyi ndimafuna kupita nayo kumanda, koma ku Chintheche yafika kale mpaka kwa ogulitsa usipa. Bola muimve kwa mwini wake.

Ine ndine mphunzitsi wa masamu, kwathu ku Ntcheu. Chaka chatha ndinafunsira Nyachirwa wa ku Bandawe, iye n'kundilola. Chotsala chinali kusangalatsa akwawo.

Mchimwene wake, Wongani, amaphika paloji ina. Alendo anamusiyira bokosi la makhadi, gemu yolimbana ndi chinjoka cha mapiko cholavula moto. Banja lonse linalowerera, ngakhale mayi awo, mayi a Mvano olemekezeka. Anali atayesa kangapo, chinjoka osagonja.

Wongani anandifotokozera malamulo m'Chitonga, mwaliwiro la minibasi ya ku Mzuzu.

"Mwavwa, alamu?"

"Yewu," ndinayankha. Chitonga changa chonse chinathera pomwepo.

Zomwe ndinatolapo n'zakuti aliyense amasankha makhadi ake, ndiyo deki, ndipo moyo wake ndi nyemba khumi. Nyemba zikatha, wafa. Zinazo ndinamalizitsa ndekha: wotsala wamoyo ndiye wawina.

Anandibwereka bokosi. Sabata yonse ndinali pa strategy, kukonza njira yowinira, mpaka kujambula magirafu. Deki yanga inatuluka yopanda lupanga, yopanda uta, yopanda ngakhale legeni. Zishango ndi mankhwala basi. Chinjoka chidye anzanga, ine ndizidzichiza.

Loweruka masana tinakhala pakhonde anthu anayi. Chinjoka chinayamba ndi Wongani.

"Alamu, mankhwala! Ndatsala ndi nyemba ziwiri!"

"Pepani alamu, atha," ndinatero, makhadi asanu a mankhwala ali m'manja.

Wongani anafa.

Kenako moto unagwera Nyachirwa. Anandiponda phazi pansi pa tebulo. Ine ndinayesa ndi chikondi, ndinamwetulira. Anapondanso mwamphamvu. Ndinamutsinzinira diso.

Nyachirwa anafa.

Tinatsala ine ndi mayi. Khadi lawo linali chimphona cha nkhwangwa, ndipo anali atachitema chinjokacho mpaka kutsala ndi nyemba imodzi. Iwonso anali ndi imodzi.

"Mwana wanga," anatero mofatsa, "khadi limodzi lokha la mankhwala, ndichimalize chilombochi."

Ndinatulutsa khadi la mankhwala n'kuliika patebulo. Nkhope zonse zinawala. Ndinadzimwetsa ndekha. Nyemba zanga zinali khumi kale, ndiye palibe chinasintha, koma munthu amafunika kusamala.

Mayi anafa.

Ndinaimirira, manja m'mwamba. "Ndawina!"

Ngakhale nkhuku zinasiya kupalasa.

Wongani anayankhula Chichewa pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade wani. "Alamu, gemu iyi tonse ndife timu imodzi. Mdani ndi chinjoka."

"Tonse?"

"Tonse. Koma poti muli moyo, chibayeni. Kamodzi kokha, tawina."

Ndinayang'ana m'manja. Chishango. Mankhwala. Mankhwala enanso.

"Lupanga lili kuti?" anafunsa Nyachirwa.

"Ndinalisiya m'bokosi."

Ndinapempha kuti tilekere pomwepo. Mayi anakana. Anati gemu imalemekezedwa. Theka la ola lathunthu anthu atatu akufa anakhala manja lende, kundionerera chinjoka chikundiwotcha, ine ndikudzichiza, chikundiwotchanso, ine ndikudzichizanso. Strategy inali yolimba zedi, ndinavutika kufa.

Nditafa, mayi anayala deki yanga patebulo, khadi ndi khadi, n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa Nyachirwa, n'kusankha Chichewa kuti ndisaphonye mawu.

"Mwana wanga, ukwati sindikuletsa. Koma tsiku lomwe udzadwale malungo, mapiritsi uzigona nawo m'chitenje. Uyu adzamwa yekha."

Abale anga, musanayambe kuvinira chikho, muzifunsa kaye kuti mukusewerera timu iti.