Utaka wa pa Imelo Chilumba Chili Chotseka

Ndikamadutsa padoko masiku ano, sipalephera kupezeka munthu wondifunsa ngati dzuwa lawala. Amafunsa ngakhale mvula ikukhuthuka, ndipo anzake amaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine ndimangoweramitsa mutu, chifukwa ndinaziyamba dala.

Ndimagulitsa utaka wouma ndi wowamba kwa eni malo odyera a ku Lilongwe. Nsombazo sindipha ndine (ndikangokwera boti m'mimba mumayamba kutembenuka tisanachoke n'komwe). Amene amapha ndi Che Amidu, bambo wachikulire wa boti limodzi, yemwe anayamba usodzi ku chilumba cha Mbenji ine ndisanamere mano. Ndi munthu wa mawu ochepa. Akati nsomba zifika mawa, zimafikadi mawa, ndipo bizinesi yanga yonse inaima pa khalidwe lawo limenelo.

Makasitomala atachuluka ndinatopa ndi kuimbira mmodzimmodzi. Ndinamva kuti pa intaneti pali makampani amene amatumiza imelo imodzi kwa anthu ambiri nthawi imodzi, choncho ndinayamba kufufuza. Yoyamba inali yokongola zedi, koma inkafuna madola mwezi ndi mwezi, pamene khadi langa la kubanki limadziwa makwacha okha. Yachiwiri inali yotchipa, kungoti pafoni inkatseguka mwaulesi n'kumadya bandulo ngati mbuzi yalowa m'dimba. Yachitatu inali yaulere, bola anthu owatumizira asapitirire mlingo wina, umene ine sindikanaufika ngakhale nditalembamo abale anga onse ndi apongozi omwe.

Chimene chinandigwira mtima chinali kabatani kena. Ukalemba uthenga n'kudina pamenepo, uthengawo umadzitumiza wokha sabata iliyonse, iwe uli mtulo. Ndinalemba kuti: "Kuno dzuwa lawala, nsomba zikuuma bwino pathandala. Utaka wa dzulo wochokera ku Mbenji, wophedwa ndi Che Amidu, ulipo wambiri." Ndinaikapo ndi chithunzi chawo ataima pafupi ndi boti. Kenako ndinadina kuti uzipita Lolemba lililonse m'mawa. Pofunsa kuti usiye liti, ndinasiya osalembapo kanthu (ndinkaganiza kuti bizinesi yabwino ilibe tsiku lothera).

Kunena zoona, chinthucho chinagwira ntchito. Sichinadwalepo, sichinapemphepo tchuthi, ndipo maoda ankabwera ine ndisanasukusule. Ndinkadzitama pamsika wa Salima kuti ndalemba wantchito wosadya. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kwa amene sadziwa, Mbenji ali ndi lamulo lake. Mvula ikayamba chilumba chimatsekedwa kuti nsomba ziswane, asodzi onse amachokako, ndipo wopezeka akuponya khoka kumeneko amalandidwa zida n'kuletsedwa kubwererako. Lamuloli ndinkalidziwa bwino lomwe. Chilumba chitatsekedwa ndinakolowekadi madengu anga n'kupita ku Chitala kukalima chimanga, kumene netiweki imapezeka ukakwera pachulu. Ndinauza aliyense amene ndinakumana naye kuti ndapuma. Wantchito wanga waulere yekha ndi amene sindinamutsanzike. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo ine ndinasiya mlomo ukulankhula Lolemba lililonse.

Tsiku lina ndikupalira, ndinangoona kabaza waima m'mphepete mwa munda, Che Amidu akutsika. Anandipatsa moni mwaulemu, anafunsa za ana, anayamikira chimanga. Atatha zonsezo ndi pamene anati, "Achimwene, ndamva kuti dzulo ndinapha utaka wambiri ku Mbenji."

"Ndani wanena bodza limenelo?" ndinafunsa mokalipa, khasu lili m'manja.

"Akuti ndinu."

Nkhani inali yakuti mayi wina wa malo odyera ku Lilongwe anatopa kuitanitsa nsomba osayankhidwa, ndiye anatumiza uthenga uja kwa mlamu wake kuti amufufuzire. Mlamuyo ndi mlembi wa komiti yoyang'anira usodzi padoko lathu. Komiti inali itaitana Che Amidu. Akanapezeka olakwa, khoka lawo likanapita, ndipo ku Mbenji sakanapondakonso ngakhale chilumba chitatsegulidwa. Ndinachita manyazi oti sindinawamvepo chibadwire.

Nditawafotokozera za kabatani kaja kotumiza uthenga Lolemba lililonse, ndinathamangira pachulu, foni m'mwamba, kuti ndikachizimitse chinthucho pompo. Iwo ananditsatira pang'onopang'ono n'kundigwira dzanja.

"Musachizimitse."

"Koma chikupitiriza kukunamizirani!"

"Mboni saiphera panjira mlandu usanazengedwe. Mwati chimalankhula Lolemba? Ndipempha kuti mlandu ukhale Lolemba, Insha Allah."

Ine amene ndinafufuza makampani atatu nzeru imeneyo sinandifikire, chifukwa maganizo anga onse anali pofafaniza manyazi anga.

Lolemba lake kunacha ndi chimvula. Tinakhala m'shedi ya malata padoko, akomiti kutsogolo, asodzi ataima m'mbali monse. Mlembi anawerenga mauthenga amene analandira, anthu akung'ung'udza. Che Amidu sanadziteteze ndi mawu ambiri. Analoza boti lawo lomwe linali litavundikiridwa pamchenga, matabwa ena atazulidwa kuti akonzedwe, kenako anapempha kuti ndilembe imelo ya mlembi pagulu la makasitomala anga. Nditatero anati foni yanga izimitsidwe n'kupatsidwa kwa wapampando. Wapampandoyo, posafuna zachinyengo, anaiika pansi pa ntchafu yake.

Tinadikira. Mvula inkamenya malata moti polankhula umachita kukuwa. Ine ndinayamba kuopa kuti mwina lero lokha wantchito wanga ajomba. Ndinapemphera mumtima kuti chinthu chimene chinandichititsa manyazi chindichititsenso manyazi kamodzi kokha.

Foni ya mlembi inalira. Anaimirira, anakonza kukhosi, n'kuwerenga mokweza kuti apose phokoso la padenga: "Kuno dzuwa lawala, nsomba zikuuma bwino pathandala."

Anthu anayang'ana panja, kumene madzi ankayenda ngati mtsinje, n'kuyang'ana ine. Woyamba kuseka anali wapampando, foni ikadali pansi pa ntchafu. Mlembi anayerekeza uthengawo ndi akale aja n'kupeza kuti ndi womwewo, chithunzi chomwecho. Mkulu wina anafunsa ngati chinthucho chimamva kukagwa maliro. Ndinayankha kuti ayi. "Ndiye si chakuno," anatero.

Akomiti anawapeza Che Amidu osalakwa. Ine anandilamula kuti ndilembere makasitomala onse, pamaso pa komiti, kuti Mbenji ndi wotseka ndipo aliyense wowagulitsa utaka wa kumeneko nyengo ino ndi wakuba kapena wabodza. Mlembi anaonetsetsa kuti ndalembanso kuti wabodza woyamba ndinali ine.

Kampani yaulere ija sindinaisiye, chifukwa kunena chilungamo sinalakwe kanthu, inachita zomwe ndinaituma mokhulupirika kuposa mwini wake. Kabatani kaja kokha ndi kamene sindikakhudzanso. Uthenga uliwonse ndimautumiza ndi chala changa, nditasuzumira kaye panja.

Chilumba chitatsegulidwa, dengu loyamba la Che Amidu linabwera kwa ine, ngakhale ogula ena ankawanyengerera. Ndinalephera kupirira, ndinawafunsa kuti zinatheka bwanji osandikwiyira.

"Ndinakwiya," anatero akumanga dengu. "Kuchokera padoko mpaka ku Chitala ndinali nditakwiya. Koma ndinaona kuti mkwiyo sungabwezere boti langa m'madzi." Anamaliza kumanga mfundo, n'kundiyang'ana. "Nsomba tengani, mugulitse mmene mukudziwira. Koma dzina langa ndili nalo limodzi lokha, achimwene. Mukamapita kumunda muzindibwezera dzinalo."