Utoto wa Galimoto ya Abusa

Mpaka lero ndikamva fungo la utoto msana umayamba kundiwawa. Akazi anga, Filomena, amauza anthu kuti ndi ukalamba, chonsecho akudziwa bwino lomwe kumene zinayambira.

Inali nthawi ya nkhondo. Ndinali nditathawa kwathu ku Angónia n'kumagulitsa mbatatesi pamsika mu Tete muno. Masiku amenewo sitinkakhulupirirana. Munthu akakupatsa moni kawiri umayamba kudzifunsa kuti watumidwa ndi yani. Pa kukayikira ine ndinali katswiri, ndipo ndinkanyada nako.

Kumpingo kwathu, m'bairo (dera) yotchedwa Samora Machel, tinali ndi abusa achizungu, Pasitori Daniyele, ndi akazi awo Dona Rute. Anali ndi galimoto (tiitchule choncho mwaulemu). Chitseko chinali chomanga ndi waya, matayala osalala ngati dazi, ndipo kuti ilire pankafunika amuna okhuta. Komabe m'dera lathu lonse ndi yokhayo inkanyamula odwala kupita nawo kuchipatala. Filomena anali woyembekezera, miyezi itayandikira, choncho galimoto imeneyo ndinkaiyang'anira kuposa eni ake.

Lamulungu lina abusa analengeza kuti: "Abale, Loweruka m'mawa tijambula galimoto. Chithunzi chipita kumipingo yakwathu imene inatituma kuno. Musaitsuke, ndipo mubwere ndi zovala zogwirira ntchito."

Pomwepo ndinayamba kukayikira. Kwathu munthu pojambulitsa amabwereka jekete, amadzola mafuta mpaka m'zigongono. Ndani amajambulitsa atavala sanza? Ndinathamangira kwa kumpadre wanga, mnzanga wapamtima Zakeyu, makanika amene nkhondo inamusowetsa zokonza.

"Kumpadre, mzunguyu watopa," ndinanong'ona. "Akufuna akuluakulu ake aone kuti kuno zinthu zatha, amuitanitse kwawo. Akapita, karo ija, galimoto yathu yokhayo, ayigulitsa. Nanga mlamu wanu ndidzamunyamula pawilibala?"

"Komanso chithunzi cha anthu ausiwa chikagwa m'manja mwa sekeretariyo wa bairo, mkulu wa boma m'dera lino," anawonjezera Zakeyu, maso ali kumsewu, "adzati tikunyozetsa dziko kunja. Mukuwadziwa anthu aja."

Kunyumba kwa abusa sikunali kutali. Ndikanatha kupita kukafunsa. Koma mtima unkati ukafunsa kazitape umangomuchenjeza, ndiye ndinasankha njira ya safunsa uja anadya phula.

Galimoto inali itafera pabwalo la tchalitchi, ndipo Lachisanu abusa anali otanganidwa ndi mlendo wawo. Tinayamba ndi kuitsuka chabe. Itayera, dzimbiri linaonekera kwambiri. Ndinatenga thumba langa lomaliza la mbatatesi n'kukasinthitsa pakandonga, msika wamseri uja, ndi chitini cha utoto wobiriwira (kumene mwini wake anautenga sindinafunse, pamenepo pokha kusafunsa kunali nzeru). Mabowo tinamata ndi makatoni n'kupaka pamwamba. Kenako Zakeyu anati thupi latsopano siliyenda ndi mapazi akale. Tinakabwereka matayala ndi nyali kwa mmwenye wina amene galimoto yake inali pamiyala chifukwa chosowa mafuta. Pomaliza ndinayenda khomo ndi khomo kuuza akhristu kuti abusa ankangocheza, aliyense atchene.

Loweruka m'mawa tinafola pambali pa galimoto yonyezimira, azimayi ndi nsalu za m'sutikesi, ine ndi tayi wobwereka. Abusa atafika anaima chilili, kukamwa yasa. Anaizungulira, n'kuigwira, chala n'kubwerako chobiriwira.

"Wachita izi ndani?"

"Ndine, abusa," ndinatero, chifuwa patsogolo. "Akaone kuti kuno ntchito ikuyenda. Inu simupita kulikonse."

"Kupita kuti, m'bale wanga?" Mawu awo anali otsika kwambiri. "Ife tikupempha mipingo kuti isonkhe, itigulire galimoto yodalirika. Anthu aja sakhulupirira mawu okha, amafuna kuona ndi maso. Tsopano aona chiyani?"

Thukuta linanditsika mpaka m'nsapato. Ndinati tiiwaze matope, ndivule tayi, ndigudubuke m'fumbi ngati n'kofunika. Dona Rute anapukusa mutu. "Ayi, kumeneko kukhala kunama. Poyamba inali yoipa yokha." Mlendo wa abusa uja, amene ankayenera kunyamula chithunzicho, ankathamangira ndege ku Chingodzi, ndipo mukamera munatsala malo a chithunzi chimodzi chokha. Anatijambula momwemo. Ine ndekha ndi amene sindinamwetulire.

Yankho linabwera patapita miyezi iwiri, ndipo abusa anandiuza okha, mosapsa mtima (bola akanandikalipira). Mipingo inakondwa kwambiri kuona mmene Mulungu watidalitsira. Galimoto yatsopano anaipereka kwa banja lina la amishoni kudziko lina, amene yawo inkaoneka yomvetsa chisoni. Ife anatitumizira mabuku a nyimbo.

Tsiku la Filomena linafika masana, dzuwa la Tete likuswa mtengo. Matayala tinali titabweza kalekale. Tinamukweza kumbuyo pamodzi ndi Dona Rute, abusa anapotokola kiyi, galimoto inangoti zii. Chikomekome cha mkuyu. Ine ndi Zakeyu tinayamba kukankha. Inatsokomola, inazima, tinakankhanso. Ndinkamva mkazi wanga akubuula m'katimo, ndipo kunena zoona sindinachitepo mantha otere, ngakhale tsiku limene tinathawa mfuti kumudzi. Ndinkangoti akafera pamsewu pano, wamupha ndine ndi burashi yanga.

Pakati pa ululuwo Filomena anasuzumira pawindo. "Kankhani, bambo! Si yokongola nanga? Kankhani kukongolako!"

Galimoto sinalire mpaka pachipata cha chipatala, ndipo mwana sanadikire kuti titsegule waya wa pachitseko. Anabadwira momwemo, wamkazi, wamoyo, wamawu ngati mayi ake. Ndinakhala pansi m'fumbi n'kulira osasamala kuti akundiona ndani.

Tinamutcha Chisomo, koma dzina limenelo amalidziwa ndi a kuchipatala okha. Bairo yonse imamuitana Tinta, ndiye utoto m'Chipwitikizi. Pano ndi mayi wa ana ake, ndipo masiku ano ndikamva nkhani yosamveka ndimayamba ndafunsa. Kungoti yankho lake ndimalikayikirabe.