Kwa Bwana Amene Anakolola Jinja M'munda wa Akazi Anga

Bwana Mkulu,
Bungwe Lofufuza za Mbewu Zokometsera Ndiwo,
Nthambi ya Kasungu.

Wolemekezeka Bwana,

Pali bodza limene lafala kuno kwa Wimbe, ndipo ndati ndilikonze lisanafike ku ofesi kwanu n'kukuziziritsirani tiyi. Anthu akuti bungwe lanu silinakolole kanthu m'munda wa kafukufuku umene munatsegula kwathu kuno. Si zoona. Ine ndinalipo. Munakolola jinja wodzaza madengu awiri, wonenepa, woyera bwino, wopanda muzu ngakhale umodzi. Ndinakhala zaka ziwiri ku koleji ya zaulimi ndisanaisiye, koma palibe mphunzitsi anandiuzapo za mbewu yotuluka m'nthaka itasamba kale. Mwina zimenezo amaphunzitsa chaka chachitatu.

Ndine Aloysius Kamphinda, mkamwini m'mudzi muno. M'mabuku mwanu ndine Mlimi Nambala 14. Munda umene munauzinga ndi waya si wanga. Ndi wa akazi anga, a Dorika, ndi abale awo, ndipo ukapanda kubwerera m'manja mwawo nyengo yodzala ino, ine ndibwerera kwathu. Atero malume awo, a Vincent, amene ndi eni mbumba. Koma ndisayambe ndi kudandaula ngati munthu wosaleredwa. Ndiyambe ndi kuthokoza.

Choyamba, zikomo chifukwa cha fomu yanu ija. Inkafuna saini ya mutu wa banja. Alangizi anu, a Cornelius, atafika anayang'ana uku ndi uku, anaona munthu wovala buluku wodziwanso Chingerezi, basi n'kundipatsa cholembera. Sanafunse kuti nthakayo ndi ya yani. Kuno ngakhale mbuzi imadziwa kuti mkamwini ali ndi khasu, munda alibe. Koma bungwe la madokotala a zaulimi asanu ndi awiri silingataye nthawi kufunsa mbuzi. Ndinasaina, sindikana. Fodya anali atatikwana: kuthirira nazale, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, mapeto ake kumva kuti belo labwezedwa ku okushoni. Munthu akabwera pa galimoto n'kunena kuti jinja ndiye fodya wamawa, umatchera khutu.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha mbewu, imene inatipeza mu Febuluwale, mvula ikulongedza katundu. Ndinawauza a Cornelius kuti jinja amafuna chinyezi ndi kamthunzi, pamene dothi lathu ndi mchenga wosasunga madzi. Anandifunsa, mwaulemu ndithu, kuti digiri yanga ndinaipachika khoma liti. Ndinatenga khasu n'kudzala. Panamera ziphukira makumi awiri ndi zitatu, ndipo pofika Meyi zonse zinali zitauma gwaa.

Chachitatu, ndithokoze nzeru yogawa munda pawiri. Munati theka lidzalidwe jinja, theka linalo pasadzalidwe kanthu, kuti mudzayerekeze. Theka lopanda kanthulo ndi limene linkadzaza nkhokwe ya apongozi anga. Ndakondwa kukuuzani kuti mbali ziwirizi zafanana ndendende. Kafukufuku wotuluka mwaukhondo chotere ndi wosowa, mumusunge bwino.

Chachinayi, tsiku lachionetsero. Apa ndiye ndichite kugwada.

Dzulo lake masana, a Cornelius anabwera ndi antchito awiri ndi thumba limodzi. Anayamba kukumba timaenje m'mizere, kuponyamo kanthu, kukwirira, kupondaponda. A Dorika, amene ankawaonera kunja kwa waya m'munda mwawo momwe, anawafunsa ngati akudzala kapena akuika maliro. Anayankhidwa kuti zimenezo ndi za sayansi.

M'mawa mwake kunafika magalimoto asanu ndi limodzi, hema, mipando ya pulasitiki, ndi mlendo wolemekezeka amene munamupatsa khasu latsopano lomangidwa kaliboni. Anatema kamodzi kokha, jinja vumbulu! Nthungululu zinaphulika. Amene analuluta kuposa onse anali mayi Zuleka, a golosale ya pamsika, chifukwa jinjayo anamuzindikira. Iwo amadula nsonga zowola ndi mpeni mopendeketsa asanagulitse. Anawatsina a Dorika n'kunena kuti, "Mwana wanga uyo, ndamudziwira mphini zake." Mpaka lero mayiwa ndi okhawo amene apindula ndi ulimi wa jinja m'dera lino, ndipo khasu saligwira.

Inu munayankhula mphindi makumi anayi za tsogolo la mlimi wa ku Kasungu. Mlimiyo anali ataima padzuwa, pakuti mipando inali ya alendo. Mutatha munakweza madengu onse awiri m'galimoto, ulendo wa ku Lifupa, malo ogona alendo a m'nkhalango ya nyama, kukakambirana zotsatira masiku atatu. Ndikhulupirira kuti njovu zinatolapo mfundo.

Chachisanu, kalata yanu ya mwezi watha. Ikuti poona zokolola zolimbikitsa zimene zinapezeka m'munda wa Mlimi Nambala 14, kafukufuku apitirira nyengo zina ziwiri, waya akhalabe pomwepo, ndipo wolowamo ndi khasu akayankha ku khoti. Bwana, ndakhala ndikuganizira luso limeneli. Jinja akanalephera poyera, bwenzi mutapita, ife titatenga munda wathu. Koma munamuthandiza kupambana, ndiye mwatsala. Chikanakhala chidebe cha nyemba, zoti munthu n'kudya n'kukhuta, ndikanamvetsa, koma thumba limodzi la jinja wa mayi Zuleka kutseka munda zaka zitatu, apo sukulu yanga yachepadi.

Kalatayo ndinawawerengera ndine abale a akazi anga, pakuti inali ya Chingerezi, ndipo pamudzi pano matenda amenewo ndili nawo ndekha. Nditamaliza kumasulira, a Vincent anavula chipewa, kuchiyang'ana m'kati, n'kuchivalanso. Anati, "Akamwini, tinakulandirani kuti mudzalime, osati kudzasaina. Chingerezi chanu chatidyera munda. Mvula ikagwa waya ali pomwepo, mukasainire kwanu." A Dorika amangondiphikira tiyi wa jinja m'mawa uliwonse, wowawa, n'kukhala pansi kundiyang'ana mpaka nditamaliza.

Ndafika ku ofesi kwanu katatu. Ulendo woyamba munali ku msonkhano wa adyo. Wachiwiri munali ku msonkhano wa tsabola. Wachitatu mlonda anandiuza kuti mulimo, koma mukulemba lipoti la mmene alimi akusangalalira. Sindinafune kukudodometsani pakati pa chimwemwe changa.

Tsono, Bwana, ndi manja awiri, nalo pempho langa laling'ono. Lembani mzere umodzi wokha, muudinde chidindo chanu chachikulu chija, wonena kuti munda wabwerera kwa eni ake. Mulembere a Dorika, osati ine, pakuti ndaphunzira mochedwa zimene madokotala anu sanaphunzirebe. Mulembe m'Chichewa kuti pasafunike womasulira. Waya tichotsa tokha, tikukulungirani bwinobwino, mudzazingire ena amwayi.

Koma ngati sayansi siilola, musavutike mtima. Atumizeninso a Cornelius ndi antchito awo aja. Ulendo uno akwirire chimanga, matumba makumi awiri, chotongola kale, monga mwa mwambo wa bungwe lanu. Tidzafukula tokha. Hema sitifuna, ndipo lipoti mutha kulemberatu.

Ndine wanu, wogwada mpaka mawondo kulowa mumchenga,

Aloysius Kamphinda,
kwa Wimbe, Kasungu.

Zoonjezera: Mvula yagwa Lamulungu. M'mawa uno a Vincent atumiza ngolo. Yaima pakhomo panga, ng'ombe sanazimasule.